Lipoti la Mwezi wa Juni, ku Topeka

Pa nsanjika yachitatu, pafupi ndi zenera losatseguka,
ndimawerengera boma la Kansas masenti ake.
Dzina langa, Marlys Oberg, lili pa kachikwangwani ka pulasitiki
komwe palibe amakawerenga.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndagwira dera lino pamkono
ngati namwino womvetsera kugunda kwa mtima.
Wina akagula misomali ku Hays,
wina nsapato za mwana ku Salina,
timasenti timathothoka pa dola iliyonse,
timayenda ulendo wake mwakachetechete
n'kudzagwera pa tebulo langa.

Munthu ukamufunsa za m'thumba amakunamiza.
Lisiti ndiye lilibe manyazi.
Fakitale ya nyama ikachepetsa antchito
ine ndimadziwa nyuzipepala isanamve:
mafiriji amayamba kugonera m'masitolo,
matayala akutha amauzidwa kuti apirire mwezi wina.
Mowa wokha ndiwo subwerera m'mbuyo.

Mwezi uno nambala yakwera.
Bambo Tillotson, abwana anga, alowa ndi katoni ya madonasi,
tayi ili paphewa,
akuti, Marlys, taona mzerewo, ukuloza kumwamba!
Mawa akauza akuluakulu a kunyumba ya malamulo
kuti chuma chadzuka, chayamba kuyenda chokha.

Ndagwedeza mutu. Ndadya donasi.

Koma chimene chakweza mzerewo ndikuchidziwa.
Pa 19 Meyi kumadzulo kunagwa matalala
akulu ngati chibakera cha mwana,
anaboola madenga, anaswa magalasi a magalimoto,
anagoneka tirigu pansi
kutangotsala milungu itatu kuti akolole.
Kutacha anthu anafola pamzere
kugula malata, phula, makwerero,
ambiri a iwo pa ngongole.
Misozi imeneyo ndiyo yasanduka
maperesenti anayi ndi theka a bambo Tillotson.

Nanga chitini cha penti?
Chaka chatha madola makumi atatu, lero makumi anayi.
Chitini chomwecho, khoma lomwelo,
koma msonkho wanenepa,
ndipo kuno kutupa timakutcha kunenepa.

Tsamba lachisanu ndi chiwiri,
mzere wachitatu kuchokera pansi:
sitolo ya Delbert Oberg, mchimwene wanga.
Ziro. Ziro. Ziro.
Anakhoma chitseko mu Epulo, nagulitsa mashelefu omwe.
Akanalimba mtima mwezi umodzi wokha
malata onse aja akanatuluka pakhomo pake.
M'malo mwake anthu anayenda ola lathunthu
kupita kuchisitolo cha m'mbali mwa msewu waukulu.
Msonkho sufunsa kuti wadutsa m'manja mwa yani,
umangofika.

Nanenso ndilimo m'manambalamu.
Bokosi la amayi, la zogwirira zamkuwa lija,
pansi pa lisiti analembapo msonkho mosaphonya senti.
Patapita milungu isanu ndi umodzi
ndinakumana nayo ndalama ija pano,
itafola pakati pa zinzake,
pamwamba pa mtengo wa mphete yaukwati ya munthu wina.
Sinandipatse moni.

Sindikuti nambala imanama, ayi.
Ndaiwonkhetsa kawiri, ndi yoona.
Imawerenga mapazi onse olowa m'sitolo,
kungoti siyang'ana nkhope,
sidziwa wobwera akuvina ndi wobwera akutsimphina.
Ndipo pa fomu palibe mzere wolembapo zimenezo;
ndinafufuzapo kale.

Faifi koloko.
Ndasindikiza lipoti, ndasaina, ndazimitsa kompyuta.
Panjira ndaima kugula babu la pakhonde,
lakale linapsa sabata yatha.
Mtsikana wa pakauntala, Yesenia,
maso ali tulo, ntchito yake yachiwiri lero,
akundifunsa ngati lisiti ndikulifuna.

Ayi mwanawe, litaye.
Tikakumana mwezi wamawa
pa nsanjika yachitatu.