Chikombole

Bambo ankalemba kumsana kwa chithunzi ndi bolopeni yofiira:
dzina, tsiku, ndi ngongole yotsala.
Akatopa sankalemba.
N'chifukwa chake m'katoni ya sopo pansi pa kauntala
muli nkhope mazana atatu zosowa mwini:
akwati, ana a ubatizo,
mwamuna wina atafukata wailesi ngati khanda.

Ine anandisiyira situdiyo yomweyi ya pa Chitakale
ndi nsalu ya kukhoma yojambulidwa ndege.
Lero chiperoni chameza phiri,
palibe amene angabwere kudzajambulitsa atanyowa,
ndiye ndatsegula laputopu ya batire lokalamba
kuti ndikhome chikombole.

Pulogalamuyi imachitchula dzina lina,
koma ine ndinakulira pa uvuni wa amalume a Muhiriwa.
Ukakhoma matabwa bwino kamodzi,
dothi lililonse limatuluka ndi ngodya zinayi.

Wojambula: Eluby Namaona.
Umwini: yemweyo. Wofuna kusindikiza ayambe wapempha.
Foni. Dziko. Boma: Mulanje.
Ndasunga.
Kuyambira lero chithunzi chikangotsika m'kamera
chizivala mawu amenewa kumsana
ndisanamwe n'komwe tiyi.

Chachiwiri n'cha maukwati,
mawu ofufuzira ali kale m'malo: tchalitchi, ankhoswe, perekaniperekani.
Chachitatu n'cha ku esiteti:
tiyi, dengu, sikelo, kapitawo, mame.
Ndinalembanso "malipiro", kenaka ndinafufuta,
poti sindinawajambulepo.
Chachinayi n'cha ziliza.

Ndasankha zithunzi mazana awiri za Loweruka,
ndadina kamodzi,
zonse zalembeka, mwaa, ngati mvula pa malata.
Bambo akanathera bolopeni ziwiri.

Koma pali kabokosi kamodzi kamene chikombole sichidzaza.
Kamafunsa kuti: ali pachithunzipa ndani?
Ndinayesa tsiku lina kuikamo "wothyola tiyi"
ndipo amayi makumi anayi anasanduka munthu mmodzi,
dzina limodzi, msana umodzi, dengu limodzi,
monga mmene amaonekera kwa wodutsa pa galimoto
akuloza kubiriwira.
Ndinachita manyazi. Ndinabweza.

Kabokosi kameneko ndimakasiya pululu mwadala.
Ndimayenda ndi kope m'thumba la juzi,
ndimafunsa, ndimabwereza, amandiseka kalembedwe,
usiku ndimatayipa mmodzimmodzi mpaka magetsi atathawa:
Fanesi Mpwatiwa, wa mpango wachikasu.
Dailesi Nakoma, amene anakana kumwetulira chifukwa cha dzino.
Gilibati, sanafune kunena la bambo ake.

Chaka cha madzi aja, phiri litasanza miyala,
kunabwera mayi wa ku Nkando
atavala nsapato za mwamuna.
Nyumba inapita, alubamu inapita, mwana anapita.
Anati, mwina munamujambulapo pa mpira wa sukulu,
Yohane Mulipa, wamtali, wa chipsera pachibwano.
Ndinalemba dzinalo m'kabokosi kofufuzira.
Sanatuluke.
Tinakhala mpaka mdima tikutsegula chimodzichimodzi,
anyamata ambirimbiri a yunifolomu imodzi,
aliyense wolembedwa bwinobwino kuti wojambula ndine,
foni yanga, boma langa, umwini wanga.
Tinamupeza kumapeto kwa mzere, theka la nkhope,
dzanja la mnzake litamuphimba khutu.
Mayiyo anagwira galasi la laputopu ndi chala
ndipo chidindo cha chalacho sindinachipukute sabata yonse.

Ndiye lero, pokhoma zikombole zatsopanozi,
dzina langa ndaliika pansi penipeni,
pamwamba ndasiya mpata uja
ndi chizindikiro chofiira chondikumbutsa kuti ntchito sinathe.

Chifunga chayamba kuyera cha ku Likhubula.
Batire latsala ndi mphindi khumi ndi ziwiri.
Ndakoka katoni ya bambo ndi phazi,
ndatola mwamuna wa wailesi uja.
Mawa ndimupachika pa windo
kuti mwina wina wopita kumsika aime,
aloze, anene kuti:
awa si a Nampinga awa?