Dokotala Amabwera Lachiwiri

Ndimatsegula chitseko sikisi isanakwane,
ndimakoleza mbaula pakona,
ndimalemba mayina m'kaundula wa chikuto chobiriwira.
Dokotala amabwera Lachiwiri lokha,
pa boti lochokera ku Tulcea, mtsinje ukalola.
Lero kuli chifunga. Danube wafunda kumutu.

Woyamba ndi Trifan, msodzi wa bondo lotupa.
Asanakhale n'komwe pansi wayamba kale:
"Mavoti athu anakwera boti lomweli kupita ku Bucharest.
Mpaka lero sanatumize ngakhale moni."

Mayi Zamfira, mphunzitsi wopuma, aseka m'mphuno.
"Iwe unavotera yani? Suja anakupatsa
chigubu cha petulo ndi kalendala ya nkhope yake?
Walira mvula walira matope, Trifan."

"Inu munasankha wa tayi, wolankhula ngati buku.
Nanga mankhwala anu a shuga ali kuti?"

Zii. Nkhuni yathetheka m'mbaula.

Kenako tsidya la mtsinje kwamveka kugunda kuja.
Si bingu, tonse tikudziwa,
koma palibe wofuna kukhala woyamba kutchula.
Galasi la zenera lanjenjemera,
matemometa m'kapu agogodana
ngati mano a munthu wogona panja.

Anghel, wa zaka makumi awiri, chala chili m'nsanza,
wadzutsa mutu pafoni:
"Awatumizire zida zokwanira, ithe msanga."
"Zida!" Trifan wamenya bondo labwinolo.
"Muno mulibe ngakhale bandeji, iwe ukuti zida?
Nkhondo ya eni, misonkho yathu."
"Mnzako akapsa ndevu m'zimire," atero Mayi Zamfira.
"Ndim'zimire ndi chiyani? Ndowa yanga ndi yobooka
ndipo anaiboola ndi anthu anu omwewo."

Akangana za msewu umene unathera papepala,
za sukulu yotsala ndi ana asanu ndi anayi,
za adokotala athu amene akupima azungu anzathu ku Germany,
za amene akunama kwambiri pakati pa wailesi ndi foni.
Ine ndasonkhezera moto. Ndinazimvapo zonsezi
Lachiwiri lapita, ndi linzake lija.

Dzina lachisanu ndi chiwiri m'kaundula
ndinalilemba movutikira: Halyna.
Wakhala kufupi ndi chitseko, mwana ali pamiyendo,
chifuwa cha mwanayo chikulira ngati chitseko cha dzimbiri.
Anawoloka chaka chatha. Chinenero chathu
amachigwira ndi nsonga za zala, ngati mphika wotentha.
Kugunda kwachiwiri kutamveka, milomo yake yawerenga,
ndipo wanena, osayang'ana munthu:
"Kumeneko ndi kudoko.
Mwamuna wanga amalonda nkhokwe za tirigu."

Anghel walowetsa foni m'thumba.

Naini koloko lamya ya pakhoma yalira.
Boti silinyamuka. Mwina Lachiwiri likubwerali.
Ndanena monga ndimanenera, maso ali pa kaundula.

Trifan waimirira, watukwana boma,
watukwana otsutsa, chifunga, ndi bondo lake,
ndipo wati kwa Halyna: "M'fundike bwino mwanayo.
Mtsinjewu ndimaudziwa ndi mphuno, sindisowa maso."
"Petulo uli naye?" afunsa Mayi Zamfira.
"Chigubu chija," wayankha, osawayang'ana.
"Ndinkasunga."

Mayi Zamfira avula mpango wawo, amukulunga mwana,
ndipo atsika nawo kugombe, akukanganabe.
Mawu awo ndawamva mpaka injini itadzuka:
wakuba ndi uyu, ayi wakuba ndi uyo.

Ndatsala ndi Anghel ndi chala chake.
Ndachitsuka ndi madzi a mchere, ndang'amba nsalu ya patebulo.
Mayina asanu ndi limodzi ndawasamutsira tsamba lina.
Lachisanu ndi chiwiri ndalisiya pomwepo,
sindikudziwa cholemba pambali pake.

Zenera lanjenjemeranso.
Ndapeza kuti nanenso ndikuwerenga.