Mchira wa Napolo

Mufilimu ija ine ndinali mchira.
Mutu anatenga Lifeyo, poti ndi mlamu wake wa Binwelo,
mwini kamera, mwini nkhani, mwini njinga
imene inanyamula chilombo chathu kuchoka pa Lizulu.

Tinachisoka masiku atatu kuseri kwa golosale:
matumba a kachewere makumi awiri,
machubu a lole odulidwa ngati mamba,
masikito amene achipatala anati tizigonamo.
Maso anali matochi a pamsika,
lina lophethira lokha mabatire akatopa.
Mano tinasema a chinangwa.
Pofika Lachinayi mbuzi inali itadyapo atatu.

"Napolo satsokomola!" ankakuwa Binwelo.
Koma inu munalowamo m'thumba la kachewere mwezi wa Juni,
chifunga chikutsika m'phiri la Dedza,
fumbi lili tho m'mphuno,
msana wopinda ngati wopalira,
kutsogolo kwanu kuli Lifeyo
amene wafisula nyemba za dzulo?

Womezedwa anali Esinati.
Kukuwa amatha, mwana wa kwaya uja,
koma chilombo chikati chiyasame
ankaona ndevu za Lifeyo kummero kwake
n'kufa nalo phwete.
Tinam'meza kasanu ndi kawiri.
Magazi anali tomato wophwanyika
amene amayi a pamsewu anatipatsa motimvera chisoni.
Chigumula chinali ndowa zitatu
ndi mwana wa Binwelo ali pamwamba pa mtengo wa paini.

Tsiku lomaliza panaima mkulu wina wocheka matabwa,
sowo ili paphewa, utuchi m'tsitsi.
"Ameneyu ndiye ndani?"
"Napolo, bambo."
Anatizungulira kuyambira kumutu mpaka kwa ine,
n'kugunda chubu ndi chala.
"Ine ndinamumva, chaka chimene anatenga mlongo wanga.
Alibe maso. Alibe mano.
Amabwera ngati malole ambiri usiku,
m'mawa mupeza mwala pamene panali khomo."

Palibe anatsokomola.
Binwelo anati, bambo, bwerezani mawuwo ndijambule.
Mkuluyo anangopempha machesi
n'kutsetsereka ndi njira yake.

Anationetsa pa kanema Lamulungu lina, usiku ndithu,
pakati pa malonda a feteleza ndi mlaliki wa suti yoyera.
Tinadzaza pabalaza pa aphunzitsi a Kathumba,
ena pawindo, ana pamapewa.
Chilombo chitatulukira kuseri kwa thanthwe
chingwe chokokera nsagwada chinkaoneka bwinobwino,
kumbuyo kukudutsa wakabaza atanyamula nkhumba.
Nyumba yonse inagwa ndi chikhakhali,
koma kamwana ka aphunzitsi kanabisala m'chitenje.
Binwelo anakaloza: "Mwaona? Yagwira ntchito!"

Mayina athu anawadula, nthawi inawathera.
Koma mayi anga, amene sanaphonyepo mbuzi yawo m'gulu la eni,
anaimirira n'kugunda galasi:
"Uyo Sitefano! Miyendo yakumbuyoyo!
Ming'alu ya zidendene imeneyo ndi ya malemu bambo ake."
Sabata yonse anauza aliyense pachigayo
kuti mwana wawo watuluka pa kanema.

Malipiro anali chipisi cha pachiwaya ndi thobwa.
Binwelo akuti gawo lachiwiri lidzakhala ndi mitu itatu
ndipo umodzi ndi wanga.

Chikopa cha Napolo pano chafolera khola la nkhuku kwathu,
mamba ake akuwauka ndi dzuwa.
Masana ndimachiseka.
Koma mvula ikalimbikira usiku wachitatu osakata,
ndimadzuka, n'kukhala pamphasa mumdima,
khutu lili kuphiri,
kuwerenga malole a pamsewu wa ku Lilongwe
limodzi limodzi,
kuti nditsimikize kuti onsewo ndi malole.