Makilo Awiri

Kompyuta ya bambo inabwera ilibe pakamwa.
Anaigula pamene ofesi ya esiteti inkataya zakale,
anaimanga ndi mphira pakaliyala mpaka kuno pa Chitakale,
koma wina anali atazula kale chomezera madisiki,
nasiya bowo lokwana zala ziwiri
momwe mphemvu zinkabisalamo.

Madisiki awo asanu ndi awiri anagona m'chitini cha mabisiketi
zaka zonsezi, omangidwa ndi ulusi wa thumba la feteleza.
Maliro atatha, abale anagawana majekete ndi njinga.
Chitini palibe anachifuna.

Dilaivi ndinaipeza ku Limbe, pansi pa mulu wa mawailesi akufa.
Wogulitsa anaipukuta pamalaya ake, nati:
"Ikakana musabwere nayo, achemwali."

Loweruka chiperoni chinatsika m'phiri,
zochapa zinakana kuuma,
ine ndinagoneka bokosilo chammbali patebulo.
Tizitsulo tinayi tomangira ndinatiika m'sosala.
M'kati munali fumbi lofiira, phiko la njenjete,
ndi fungo lija la ofesi
limene bambo ankabwera nalo madzulo m'kolala.

Lamba wa mawaya ndi wotuwa, wophwatalala,
m'mphepete mwake muli mzere umodzi wofiira.
Ndinaulumikiza chozondotsa.
Kanyali kobiriwira kanayaka osaphethira,
kundiyang'ana ngati kapitawo
amene wapeza tsamba lokhwima m'dengu.
Ndinazimitsa, ndinatembenuza lamba,
mano a chitsulo anandicheka chala chamkombaphala.
Kenako pasikirini yabuluu ndinaiuza kompyuta
kuti kuyambira lero ili ndi pakamwa.

Apo magetsi anazima.

Tinadikira mpaka cha m'ma faifi,
amayi akusenda nandolo pakhomo, osafunsa kanthu.

Disiki yoyamba inadyedwa ndi chinyezi.
Yachiwiri inazungulira, inakhosomola, inakana.
Yachitatu inalowa ndi kuti khethe,
dilaivi inang'ung'udza, inakukuta mano,
ndipo mayina anatsika pagalasi m'mizere.

Ndinkayembekeza kalata.
Mwina mawu amene sanandiuze ali moyo,
mwina pemphero, mwina ngongole.
Koma anali makilo a tiyi, Febuluwale 1995,
munda wa nambala naini:
Khoromana, sate-eyiti.
Mpulula, fote-wani.
Muhiwa, sanabwere, mwana akudwala.
Anthu mazana awiri, aliyense ndi kulemera kwa tsiku lake,
ambiri a iwo ali kale kumanda a kuseri kwa mabulugamu.

Ndinkawerenga mokweza kuti ndisalire.
Namaona Delifa, fote-thuu.

Nandolo anasiya kugwa m'lichero.

"Bwereza."

Namaona Delifa, Lolemba, fote-thuu.
Lachiwiri, fote-foo.

Amayi analowa, anaima kumbuyo kwanga,
manja akununkha makoko aawisi.
Zilembo za pagalasi saziona bwino,
koma anaika chala pomwepo ndithu, pa dzina lawo,
naseka mpaka kugwira mpando.

"Anali fote. Lachiwirilo fote-thuu.
Sikelo ndinkaiona ndi maso angawa.
Awiriwo ankandiwonjezera, tsiku ndi tsiku,
dzinja lonse, osandiyang'ana n'kumaso komwe.
Ndinachita kumutsata ndekha kuseri kwa shedi
kukamufunsa ngati sadziwa masamu.
Munthu uja sanandifunsire ndi pakamwa."

Kunja phiri linali litasowa mu nkhungu.
Dilaivi inangoti zii, kanyali kanazima.

Madisiki anayi atsala m'chitini.
Amayi akuti tidzaone mawa, lero zakwana,
koma apita kuchipinda akuwerengera pazala,
makilo awiri kuchulukitsa ndi masiku a dzinja,
akuti afuna adziwe anawalowola ndi tiyi wochuluka bwanji,
tiyi wake wa eni.

Bokosi ndatseka.
M'sosala mwatsala kachitsulo kamodzi,
sindikudziwa kanachokera pati.