Wosema Zidindo

Ntchito yanga ndi kulemba chafutambuyo:
ZALIPIRIDWA, kuyambira kumanja,
pa kachidutswa ka labala, pakhonde la positi ofesi.
Zaka khumi ndi zinayi ndikusemera ena mayina.

Pepalali linabwera m'thumba la jekete ya pakaunjika,
lopindidwa kanayi, likununkha mankhwala a njenjete.
Ndinayesa ndalama yakunja.
Kufunyulula, ndi msewu wa ku Japan, wa kalekale:
bambo wapingasa mtengo paphewa, nsomba uku ndi uku,
mayi wawerama kumanga nsapato ya mwana,
galu wagona pakhomo pa wometa.
Palibe nduna, palibe wovala mendulo.

Mphunzitsi wina wa ku Chirunga, podzatenga chidindo chake,
anati awa ankasema pa thabwa,
mtundu uliwonse thabwa lakelake.
Atapita ndinayandikitsa diso.
Ndinapeza pamene mpeni unaterereka
pafupi ndi chidendene cha wansomba uja.
Mnzanga, ndinatero, nawenso unatukwana chamumtima.

Ndiye ndinagula thabwa la mbawa kwa Che Witinesi ku Chinamwali.
Usiku, ana akagona, ndimasema Zomba chafutambuyo.
Wakabaza wa ku Matawale, mbuzi yomangidwa pakaliyala.
Akaidi ovala zoyera akutchetcha m'mbali mwa msewu,
msilikali wawo akuyasamula.
Matemba a ku Kachulu, mulumulu pa thumba long'ambika.
Ndi Asiyatu, akutsika phiri m'mamawa,
mtolo wa nkhuni za paini wotalika kuposa iye kawiri.

Yovuta ndi nkhungu ya Ku Chawe.
Kuti ioneke uyenera kukumba, kuchotsa zonse,
kusiya phiri likulendewera popanda miyendo.

Utoto ndilibe, koma inki ya zidindo ndiyo mbwee,
choncho mzinda wonse unatuluka wapepo,
wapepo ngati misewu mu Okutobala jakaranda akayoyoka.
Ndinatsindira ndi msana wa supuni
mpaka chala chinatuwa.

Lachinayi ndinamuimitsa Asiyatu pa mlatho wa Mulunguzi.
Sanatule. Anayang'ana ndi maso okha,
mutu uli chilili pansi pa nkhata.
Anatenga nthawi.
"Ndine ndithu," anatero.
"Koma khosi mwaliwongola kwambiri.
Sililowa mkati chonchi?"

Ndinabwerera kunyumba ndi mpeni wanga.
Koma thabwa ukalisema silimeranso.
Mawa ndipita ku Chinamwali kukagula lina,
ndipo Lachinayi ndikaima pamlatho,
osanyamula pepala.