Nsapato Yopachikidwa pa Msomali

Ku Dalcahue mvula sipempha chilolezo.
Imagwa padenga la shedi ya a Eliseo Barría
kuyambira Lolemba mpaka tsiku lomwe yafuna,
ife tili m'kati, tikucheka matabwa a nyumba za asodzi,
fungo la mkungudza wauwisi likutilowa mpaka m'mano.

Tsiku langa loyamba sanandipatse sowo.
Anandipatsa burashi.
"Nélida, uyambe waidziwa ili chigonere," anatero,
atazula pulagi pakhoma
n'kukoleka nthambo paphewa pawo, poonekera aliyense.
Ndinasesa utuchi m'timabowo topumira mota,
ndinapala utomoni womwe unakakamira pagudumu la mano,
dzino limodzilimodzi, makumi awiri ndi anayi,
kufufuza lobenthuka, lopindika, lobuntha.
Ati dzino lobuntha ndilo limaluma mwini,
chifukwa umayamba kukankha ndi mphamvu
pomwe sowo imayenera kuyenda yokha.

Juzi yanga yaubweya wa nkhosa, yoluka mayi,
anaiyang'ana mikono yake yolendewera
n'kundiuza ndipinde mpaka m'zigongono.
Tsitsi ndimange. Magalasi kumaso.
Za makutu sananene zambiri,
anangoloza lawo lakumanzere
lomwe linasiya kumva mabelu a tchalitchi kalekale.

Kenako thabwa.
Ulipane lisagwedezeke, ufufuze misomali yobisala,
mano atuluke kunsi pang'ono chabe,
osapitirira kutalika kwa dzino limodzi.
Mbali yodukayo uipatse mpata igwe yokha;
ukaitsamiritsa uku ndi uku, mng'alu umatsekeka,
thabwa limapana chitsulo,
sowo n'kumenya theche chobwerera
isanakupatse nthawi yophethira.
Choncho usaime kumbuyo kwake. Ima chammbali,
manja onse awiri pazogwirira,
nthambo ikutsate kumsana ngati galu waulemu.
Uisiye ilire kaye mpaka mawu ake awongoke,
ndiye ikhudze mtengo.

Rigoberto anali wachangu kuposa tonse.
Chishango cha mano chinkamuchedwetsa, ati,
chimakodwa poyamba kudula mopingasa.
Masana ena, boti la matabwa litachedwa
ndipo mwini nyumba akuyang'ana wotchi,
anachikweza n'kuchipanira ndi kachibenthu ka mtengo.
Anadula matabwa asanu ndi awiri bwinobwino.
Lachisanu ndi chitatu litagwa,
anasiya batani n'kuika sowo pansi
monga amachitira masiku onse.

Koma mano anali asanaime,
ndipo anali pambalambanda.

Inathamanga yokha pansi pa shedi,
kulemba mzera woyera pamatabwa akuda,
mpaka inakagunda phazi la a Eliseo.

Zii.
Mvula yokha padenga.

Anakhala pabenchi, anamasula zingwe mosafulumira,
anavula nsapato, anavula sokosi,
n'kuwerenga zala mokweza ngati mwana wa sukulu.
Zisanu.
Chikopa chinali chitang'ambika kukamwa,
kachitsulo kakutsogolo kakung'anima m'balamo.

Sanakalipe. Ndinkalakalaka akanakalipa.
Anazula pulagi, anachotsa kachibenthu kaja,
anakweza chishango n'kuchisiya: kwapu, chinatseka.
Anakwezanso: kwapu.
Anapatsira Rigoberto.
"Kakhumi," anatero, "m'mawa uliwonse, ndikumva ndi khutu labwinoli."
Tsiku lomwelo anapita kwawo atavala jombo ya msodzi
kuphazi limodzi.

Papita zaka khumi ndi zinayi.
Shedi ndi yanga tsopano, sowo ndi ina,
koma nsapato ija ikadali pamsomali pafupi ndi soketi,
yasamula kukamwa, akangaude akuchita lendi m'kati.
Madzulo ndimapukuta chitsulo, mchere wa m'nyanja usachidye,
ndimayendetsa nthambo m'zala kufufuza pomwe yasupuka,
ndimayesa bawuti ndi sipanala,
n'kuiika m'bokosi louma, kutali ndi khomo.

Dzulo kwabwera kamnyamata ka ku Quemchi,
maso ali pasowo, manja akuyabwa.
Kandifunsa za nsapatoyo.
Ndati tikambirana nthawi ya tiyi.
Ndakapatsa burashi.