Masekondi Asanu ndi Awiri

Ku Valparaíso nyumba zimatsetsereka ndi mapiri
kulunjika kudoko, kumene zombo zimagona chiimire.
Ine, Eliana Quilodrán, ndimachezera usiku
m'kachipinda ka wailesi pamwamba pa sitolo ya nsapato,
chala changa chili pa batani lofiira.

Mawu a woimba lamya amayamba afika kwa ine.
Mzinda umawamva patapita masekondi asanu ndi awiri.
Kampata kameneko ndiye munda wanga,
wochepa ngati chikhatho,
koma ndimaulima mpaka mbandakucha.

Don Aurelio, msodzi wa mano atatu,
amaimba sabata iliyonse kudzalalatira nduna.
Akuti nsomba zatha, akuti boma ndi ngalawa yobooka,
akuti a ku Santiago onse ndi mbala zovala mataye.
Chala changa sichigwedezeka n'komwe.
Alalate. Bambo anga anameza mawu otere
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
mpaka anawaolera m'mimba.
Anamwalira akunong'ona, ngakhale popempha mchere.

Koma dzana, cha m'ma leveni koloko,
kunaimba mwamuna wa mawu osalala ngati batala.
Sanatukwane. Anapereka moni mwaulemu.
Anati kumtunda kwa masitepe, panyumba ya chitseko chobiriwira,
pamakhala mlendo wa ku Haiti wogulitsa mapeyala,
dzina lake Wisnel,
ndipo anyamata a m'deralo akudziwa chochita
ndi botolo la petulo.
Ndinadina.
Mzinda unangomva gitala.
Wisnel anagona tulo osadziwa
kuti dzina lake lathera pa chala changa.

Usiku umenewo ndinadziona wolungama.

Kutacha bwana Undurraga anandiitana,
khofi m'manja, kumwetulira pakamwa.
Anati, mayi uja wodandaula za utsi wa fakitale,
woti ana ake akutsokomola zakuda,
kampani imeneyo ndiyo imatilipirira magetsi.
Akaimbanso, Eliana, batani ndi lomwelo.

Ndi lomwelodi.
Silisiyanitsa petulo ndi chifuwa cha mwana.
Mpeni wosendera mbatata ndi womwewo wobayira munthu,
ndipo chigwiriro chake anandipatsa ine.

Anandisankha ndani?
Palibe amene anaponya voti.
Ndinangoyankha chidziwitso cha ntchito m'nyuzipepala
chifukwa lendi inali itandipanikiza miyezi itatu.
Lero ndine mlonda wa pakamwa pa mzinda,
woweruza wopanda mkanjo,
wa milandu yotha munthu asanameze malovu kawiri.

Ulipo mlandu umene sundipatsa tulo.
Mtsikana wina, mawu akunjenjemera,
anatchula dzina la mphunzitsi wake,
nati anamugwiragwira anzake atatuluka m'kalasi.
Sekondi yoyamba ndinamukhulupirira.
Yachitatu ndinaona mkazi wa mphunzitsiyo
akugula anyezi pamsika, anthu akumuloza ndi milomo.
Yachinayi ndinati, nanga likakhala bodza?
Yachisanu ndinati, nanga zikakhala zoona?
Yachisanu ndi chimodzi ndinadina.
Sanaimbenso.
Gitalayo sanasiye kulira m'khutu mwanga.

Lero ndi Lachinayi. Mvula ikuwaza pamalata.
Nyali ya lamya yachitatu yayaka
ndipo nambalayo ndikuidziwa:
mayi Fresia, wa ana otsokomola.
Bwana waima kuseri kwa galasi, manja m'thumba,
maso ali pa chala changa.
Mayiyo wapereka moni, wapepesa poimba usiku,
watchula ana ake mmodzimmodzi,
kenaka watchula kampaniyo, dzina lonse, mosadodoma.

Sekondi imodzi.
Masekondi awiri.
Ndalowetsa manja onse pansi pa ntchafu
ngati mwana woletsedwa kutola shuga.
Atatu.
Bwana akugogoda galasi ndi mphete.
Anayi.
Lendi ya mwezi uno sindinalipire.
Asanu.
Kudoko sitima ikulira,
ndipo m'makhitchini a m'mapiri monsemu
anthu akutsuka mbale, mawailesi ali otsegula,
sanamve kanthu.